Denga Lonyamuka la Mateyu

Galimoto si nyumba. Chinthu choima pa matayala chimakhala chikudikira kuthawa, ndipo wogona m'menemo ali ngati munthu wogona pamsana pa ng'ombe. A Dyna ankanena zimenezi m'mawa, n'kudzabwerezanso dzuwa likamapendeka, koma mwana wawo Mateyu ankangoti, "Ndamva, amayi," kwinaku akumasula mipando ya minibasi yake umodziumodzi n'kumaiunjika pansi pa mtengo wa mango.

Mateyuyo anali atabwerera kwa mayi ake, kumudzi wina kufupi ndi Boma la Mwanza, atamusudzula ku Thambani. Kumeneko n'kumene anakwatira, nakhala mkamwini zaka khumi ndi chimodzi. Anaumba njerwa, naziwotcha, namanga nyumba ya zipinda zitatu, malata ake owala moti munthu wochokera kumsika ankaiona asanawoloke mtsinje. Kenako mkazi wake Kate anadwala mwezi umodzi wokha, basi n'kutsogola. Chaka chitatha, abale a malemuwo anakhala pansi nanena mawu aulemu onse amene amanenedwa, kuti munatisungira bwino mwana wathu, tsopano ndinu omasuka. Koma kumasuka kwa mkamwini mukukudziwa. Nyumba imatsala, munda umatsala, mitengo ya manachesi imene unabzala ndi manja ako imatsala. Mwananso amatsala, poti mwana ndi wakuchikazi. Mateyu anatuluka m'mudzimo ndi chikwama cha zovala komanso minibasi yake yakale, imene inanyamula anthu pakati pa Mwanza ndi Blantyre mpaka kutopa.

Mwana wotsalayo anali Taziona, wa zaka zisanu ndi zinayi. Mateyu anapita katatu kukagwada kwa a Laston, achimwene ake a Kate, amene anali mwinimbumba, kuti amulole kukhala ndi mwanayo ku Boma. Ulendo wachitatuwo a Laston anafewa.

"Alamu, ife si nyama," anatero. "Mwanayu akulirira inu, tikumuona. Koma mukamuika pati? Kwa amayi anu m'nyumba mwadzaza ana a alongo anu. Komanso mtsikana wamsinkhu uwu sagona chipinda chimodzi ndi bambo ake. Mukapeza panupanu, zipinda ziwiri, mudzatiuze tidzaone. Koma zichitike sukulu isanatsegulire mu Seputembala. Mwana sitimusamutsa pakati pa chaka."

A Dyna atamva zimenezi anati nkhani yatha, dothi lilipo, chikombole chilipo, aumbe njerwa. Mateyu anapukusa mutu.

"Ndimange pa malo a ndani, amayi? Pano ndi pa achemwali ndi ana awo. Ya eni ake ndinamangapo kale. Ino ndikufuna nyumba yoti akandisudzula ndingoliza injini n'kupita nayo."

Nzeruzo anazitola kuboda. Tsiku lina akugulitsa manachesi kwa madalaivala a mathiraki, anaona azungu awiri okalamba akudikira mapepala awo. Galimoto yawo inali yofanana ndi yake, koma mwamunayo anangokankha denga ndi dzanja limodzi, dengalo n'kuyasama ngati ng'ona, nsalu n'kutambasuka m'mbali mwake, m'mwambamo n'kuoneka bedi. Mateyu anapempha kuti asuzumire, najambula ponseponse ndi foni yake. Zipinda ziwiri ndi zimenezo: china pansi, china m'mwamba.

"Azunguwo ali ndi nyumba kwawo," anatero a Dyna ataonetsedwa zithunzizo. "Akusewera amenewo. Iwe ukufuna kusewera ndi mwana wa eni ake?"

"Ndi wanga, amayi."

"Ndi wako pakamwa. Akangokandika chala chokha, adzakuuza kuti ndi wa ndani."

Musawaseke a Dyna. Anali ataika kale ana awiri m'manda, ndipo mmodzi wa iwo, Paison, anamutola pansi pa thiraki imene inaduka mabuleki potsetsereka. Chiyambire tsiku limenelo, maso awo ankaona ngozi isanabadwe. Akaona mpeni ankaona bala, akaona chitsime ankaona mwana atagweramo. Anthu ankati amayi aja ndi amantha, iwo n'kumati wakutsina khutu ndi mnansi. Koma mdzukuluyo ankamufuna. Taziona anali ndi mpata pakati pa mano ngati wa Paison, ndipo a Dyna akamuganiza ankasiya chimene akuchita.

Choncho tsiku lopita ndi minibasi kwa a Zakeyu, iwonso anamanga chitenje nakwera. A Zakeyu anali owotcherera zitsulo kuseri kwa msika wa pa Boma. Ankapanga mafelemu a zitseko, ngolo ndi mbaula, ndipo diso lawo limodzi linkangotuluka misozi chifukwa cha moto wa ntchito yawoyo. Anazungulira galimotoyo kawiri, nagogoda denga ndi sipanala, nayang'ana zithunzi za mufoni nthawi yaitali.

"Bwana, ine ndadulapo zambiri, koma galimoto yamoyo sindinaidulepo mutu," anatero a Zakeyu. "Mukudziwa kuti ikangodulidwa, zonyamula anthu zathera pomwepo? Palibe adzakulolani pamsewu."

"Ndikudziwa. Dulani."

"Mafuta mwachotsa?" anafunsa a Dyna, atakhala pa tayala lakutha pamthunzi.

Amuna awiriwo anayang'anana.

"Ndikufunsa mafuta. Moto wanuwo umathetheka mpaka uko. Mukufuna tikakutoleni m'madengu?"

A Zakeyu anaseka mpaka kutsokomola. "Bwana, mwabwera ndi kapitawo! Koma akunena zoona agogowa. Tiyeni tiipope."

Anapopa mafuta onse, natchinga magalasi ndi makatoni. Kenako a Zakeyu anachotsa nsalu ya kudenga m'katimo, n'kuonekera zitsulo zopingasa, zopindika ngati nthiti za mbuzi.

"Izi ndi zimene zimagwira thupi lonse," anatero. "Tikadula zitatu izi osaikapo kanthu, mukangolowa msewu wa ku Thambani galimoto ipindika ngati chitini, zitseko osatsekekanso. Ndiye tiyambe tawotcherera felemu kuzungulira, kudula pambuyo."

"Mwamva?" anatero a Dyna. "Ndi nthiti. Munthu wochotsedwa nthiti amayenda?"

"Timuikira zachitsulo, agogo. Aziyenda kuposa ine."

Tsiku lodula, a Dyna anatseka makutu ndi zala koma maso sanatseke. Galayinda yodulira zitsulo inalira ngati nkhumba ikuphedwa, nthethe zili waliwali, fungo la penti wopserera lili ponseponse. Chitsulo chitamasuka, amunawo anachinyamula n'kuchitsamiritsa kukhoma. A Dyna anasuzumira pakhomo la minibasi naona mitambo ikudutsa pamene panali denga. Nyumba imene amaiona yosasulidwa denga chonchi ndi ya munthu amene wamwalira opanda womulowa. Anafuna kunena, koma anaona nkhope ya Mateyu yodzaza fumbi lachitsulo, akumwetulira koyamba chimwalirire Kate, ndipo mawuwo anawameza.

Ntchito inatenga milungu itatu, poti magetsi ankabwera ngati mlendo wamanyazi. A Dyna sanajombe ngakhale tsiku limodzi. Anaona a Zakeyu akukuza chitsulo chodulidwa chija ndi lata losalala kuti chivundikire dzenje lonse. Anaona akuika mahinjesi a chitseko cha thiraki kutsogolo kwake. Anaona Mateyu akubwera ndi mashoka awiri a kubuti, ochokera m'galimoto yakufa, oti azikankha denga likamanyamuka. Lona, nsalu yolimba yofundira katundu, anagula kwa dalaivala wina wa ku Tete, telala wa pakhonde n'kuisoka, n'kuikapo kawindo ka neti yotchinga udzudzu. M'mphepete monse anamatamo mphira wa chubu, ndipo kumbuyo anaika zokowera ziwiri zogwira denga galimoto ikamayenda.

Pa chilichonse a Dyna anali ndi funso. Mphepo ya mwera ikadzawomba? Njoka ikadzalowa polumikizira lonapo? Mphezi bwanji, poti mphezi imakonda chitsulo? Mateyu nthawi zina ankayankha, nthawi zina ankangoluma mano. A Zakeyu okha ndi amene ankasangalala nazo.

"Agogo, inu mukanapita kusukulu, bwenzi milatho yonse ya m'dziko muno isakugwa."

"Ndikanapita kusukulu bwenzi ndili wopusa ngati inu, kumadula galimoto yabwinobwino."

Mkangano weniweni unabuka pa bedi la m'mwamba. A Zakeyu anabweretsa matabwa a bulugamu okhuthala, nati awagoneka pa zitsulo ziwiri. A Dyna anayesa kunyamula thabwa limodzi, likukanika.

"Ili mukuliika pamwamba?"

"Eya."

"Ndipo pansi pake pazigona ndani?"

"Ine, amayi," anatero Mateyu.

"Ayi. Ayi ndithu. Chimtengo ichi chikadzamasuka iwe uli m'tulo, chidzakuphwanya chifuwa. Ine sindikwiriranso wina. Mukaika chimenechi ndigona pansi pa matayala, mundiponde."

"Agogo, chitsulo changa sichimasuka," anatero a Zakeyu.

"Mabuleki a thiraki ija ankatinso samasuka."

Kenako Mateyu anati mwina amayi akunena zoona, kulemera kukachuluka m'mwamba galimoto imapendama pokhota. Nanga Taziona amalemera chiyani, si nkhuku chabe? Choncho matabwa aja anabwezedwa. Anaika pulayiwudi yopyapyala pa timitengo tiwiri, yopepuka moti a Dyna ankaikweza ndi dzanja limodzi. A Zakeyu anailemba ndi choko kuti ya mwana, nauza Mateyu kuti munthu wamkulu asadzayerekeze.

Atamaliza anayesa ndi madzi. Mateyu anakwera pa mgolo nathira ndowa zinayi padengapo, a Dyna ali m'kati, maso ali m'mwamba, chikhatho akuyendetsa m'makona monse. Silinadonthe. Anafunafuna chonena koma sanachipeze. Mateyu analowa, namasula zokowera, nakankha. Denga linanyamuka lokha pang'onopang'ono, lona n'kukungika, kuwala kobiriwira n'kudzaza m'katimo. Anaimirira chilili, mutu osagunda kanthu, munthu amene zaka zonsezi ankalowa m'galimotomo chowerama.

"Mwaona, amayi?"

"Ndaona," anatero a Dyna. "Koma usamaiwale zokowerazo."

Kunatsala masiku asanu kuti sukulu itsegulire. Mateyu anagula matilesi aang'ono, bulangete lamaluwa ndi kagalasi koyang'anira nkhope, nakhomerera makwerero a masitepe atatu. Anatumiza uthenga ku Thambani kuti akubwera Loweruka. Nkhani ngati imeneyi mwamuna sapita yekha, amapita ndi wamkulu wakwawo, ndipo wamkulu amene analipo anali a Dyna. Lachisanu madzulo Mateyu anakhala pansi pafupi nawo.

"Amayi, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mawa mukangopereka moni. Za njoka, za mphezi, za mphepo, mukazisiye kuno."

"Ukundiyesa mwana?"

"Ayi. Ndikungopempha."

"Pakamwa panga ndasoka," anatero a Dyna, napsinja milomo ndi zala.

Msewu wa ku Thambani ndi wamabampu ndi miyala, ndipo a Dyna anayenda ulendo wonsewo atagwira chitseko ndi manja awiri, khutu lili kudenga. Silinalire. Atafika anaona nyumba ija ya malata owala, pakhonde pake patayanikidwa zovala za anthu ena. Mateyu sanayang'aneko. Anaimika galimoto pabwalo la a Laston, ndipo injini isanazime Taziona anali atafika kale, akuthamanga opanda nsapato.

"Adadi! Agogo!"

A Dyna anamugwira mapewa namuyang'ana bwinobwino. Anali atatalika, koma ataonda, ndipo m'mutu munali chipere. Anafuna kufunsa ngati akumudyetsa, koma anakumbukira lonjezo lawo.

Anayala mphasa, moni anaperekedwa, anafunsana za odwala ndi za mvula ya chaka chatha. A Laston anali munthu wofatsa, wolankhula ngati akuwerenga mawu ake. Pambali pawo panakhala amayi angapo a m'banjamo. Kenako a Laston anati, "Alamu, tamva kuti mwamanga. Nyumbayo ili kuti, tidzapite liti?"

"Ndabwera nayo," anatero Mateyu.

Amayi aja anaseka, wina mpaka kugwira mnzake paphewa. A Laston sanaseke. Anaimirira napita kugalimoto. Mateyu anatsegula chitseko, naonetsa bedi lake la pansi, kabati ya ziwiya, chigubu cha madzi, nsalu yotchinga. Kenako anamasula zokowera nakankha denga. Litanyamuka, kuseka konse kunatha. Anthu anayamba kutuluka m'nyumba zoyandikana kudzaona.

A Laston analowa, naimirira, nagwedeza felemu ndi mphamvu zawo zonse. Anafunsa za mvula, Mateyu anawauza za ndowa zinayi. Anafunsa koimika, Mateyu anati pabwalo la amayi, pafupi ndi chimbudzi ndi bafa, sukulu ili poonekera. Anafunsa ngati mwana azigona m'menemo galimoto ili paulendo, Mateyu anati ayi, masiku a ulendo azigona ndi agogo ake. A Laston anagwedeza mutu.

"Taziona, takwera tione."

Mwanayo anakwera ngati gologolo. Anagona, nadzuka, nasuzumira pa kawindo ka neti n'kuyamba kuitana anzake mayina. Anapeza kagalasi kaja nakuwa, "Adadi, aka n'kanga?"

"N'kako, mayi."

Mateyu anakhala pa bedi lake la pansi, manja ali pamaondo, akupuma ngati munthu amene watula mtolo. A Laston anatuluka nayang'ana amayi a m'banjamo. Mmodzi anati, "Koma zipinda ndi ziwiridi." Wina anati, "Bambo wotere ndi wosowa." A Dyna anaona kuti nkhani ikupita kwabwino, ndipo anayamba kuda nkhawa, poti zinthu zikamakoma kwambiri m'pamene pamabisala choipa.

Ndiye a Laston anatembenukira kwa iwo mwaulemu.

"Amayi, inu ndinu akuluakulu, mwaona zambiri. Mwangokhala chete. Mtima wanu ukuti bwanji?"

A Dyna anatsegula pakamwa kuti anene kuti zonse zili bwino. Koma maso awo anali atalowa kale m'galimotomo. Taziona anali atakhala m'mphepete mwa bedi lake, miyendo ili lendelende. Mapazi ake afumbi ankagwedezeka pamwamba penipeni pa mutu wa bambo ake, chidendene china chikukhudza tsitsi. Milungu itatu yonse a Dyna anaganiza za njoka ndi mphezi, koma ichi sanachione, poti m'mwambamo munalibe munthu. Mayi awo anawalera ndi lamulo lakuti mwana wamkazi salumpha miyendo ya bambo ake, sakhala pamwamba pawo, ndipo akatha msinkhu ndiye zoopsa zenizeni: bambo amayamba kutsokomola, miyendo kutupa, n'kumangofota osadziwika chomwe akudwala. M'maganizo mwawo anamuona Mateyu ataonda, ali pamphasa. Anaona anthu akukhoma bokosi lachitatu.

"Ine ndilibe mawu," anatero. "Kungoti... mwana wamkazi kugona pamwamba, bambo ake pansi. Usiku ndi usiku. Kaya kwanu kuno zimatheka."

Amayi aja anayang'ana m'galimotomo, ndipo tsopano onse anaona mapazi aja. Wamkulu mwa iwo anaika dzanja pakamwa.

"Iii, koma zoona. Ife maso athu anali pa denga."

"Taziona, tsika!" anakuwa wina.

Mateyu anatuluka, maso ake ali pa mayi ake. Sanakalipe. Anangowayang'ana ngati munthu amene wapeza mbala m'nyumba, n'kuona kuti mbalayo ndi m'bale wake.

"Zimenezo n'zakale," anatero. "Ku Blantyre anthu amagona m'nyumba zosanja, ana m'mwamba, makolo pansi. Wafa ndani?"

"Kuno si ku Blantyre, alamu," anatero a Laston. "Ndipo anena ndi amayi anu, si ife. Mawa mukadwala, anthu adzati mwana wathu ndi amene wakudulani, wakupatsani mdulo. Dzina limenelo mtsikana salichotsa."

"Chabwino. Ndizigona m'mwamba ndine, iye pansi."

"Apo ndiye palibe mlandu. Takwerani tione."

A Dyna anaimirira. "Mateyu, usakwere! A Zakeyu anati..."

"Amayi, mwalankhula kale."

Mateyu anavula nsapato. Anaponda sitepe yoyamba, yachiwiri, nakwera mosamala, akufalitsa thupi lake ngati munthu woyenda pa ulalo wowola. Anagona chagada, miyendo atapinda poti malo anali aafupi. Pulayiwudi inalira pang'ono, n'kukhala chete. Mateyu anatembenuza mutu nayang'ana a Laston pa kawindo kaja.

"Mwaona? Ndakwana."

Kenako anafuna kutembenuka kuti atsike. Kamtengo kamodzi kanati thyo! Pulayiwudi inang'ambika pakati, Mateyu n'kugwera pansi pamodzi ndi matilesi. Pogwapo phazi lake linamenya shoka limodzi n'kulizula, ndipo denga lonse linatsika mbali imodzi, phwa! Lona inang'ambika kuyambira pakona mpaka pakawindo. Taziona anakuwa mokweza moti nkhuku zinabalalika.

Anamutulutsa ali ndi bala pachipumi, magazi akutsikira m'diso. Sanathyoke paliponse. Amayi ena anathamangira madzi ndi mchere. A Laston anadikira mpaka bala litamangidwa, kenako analankhula motsitsa mawu.

"Alamu, mwagwira ntchito, aliyense waona. Koma taganizani akanakhala mwana."

"Silikanathyoka! Linapangidwira iyeyo. N'lopepuka dala."

"Mwana amakula, alamu."

"Ndikonza. Ndiika matabwa okhuthala, analipo kale. Ndipatseni masiku atatu."

A Laston anayang'ana amayi aja. Palibe anadzutsa mutu.

"Chaka chino ayambe konkuno," anatero. "Za kutsogolo tidzaona. Muzibwera kudzamuona, pakhomo pano ndi panu."

Aliyense amene anakhalapo pa milandu ya m'banja amadziwa kuti tidzaona ndi chitseko chotsekedwa mwaulemu. Mateyu analowa m'galimoto nayamba kukokera lona m'kati, kuti denga likhale pansi.

A Dyna anatsala pamphasa okha. Anthu ankawadutsa ngati chitsa. Kenako anamva kadzanja pa bondo lawo. Anali Taziona, kagalasi kaja ali nako m'manja, masaya ali onyowa.

"Agogo, ine sindikanawaponda adadi. Ndikanamapinda miyendo."

A Dyna anafuna kumufotokozera kuti si nkhani ya kuponda, kuti pali zinthu zimene mwana sangazimve, kuti anachita zimenezi pofuna kuti bambo akewo akhale moyo. Mawu onsewo anali okonzeka, poti mawu sanawasowepo. Koma mwanayo anali atatembenuka kale, akupita kuseri kwa nyumba, osathamanga.

Anauyamba ulendo wobwerera. Zidutswa za pulayiwudi zinkagundana kumbuyo. Fumbi linkalowa pong'ambika paja n'kumakhala pa bulangete lamaluwa. A Dyna anayang'ana nsalu ya pachipumi pa Mateyu ikufiira pang'onopang'ono.

"Balalo ukalionetse kuchipatala. Chitsulo chadzimbiri chimaumitsa nsagwada."

Mateyu anasintha giya.

"Ndimaopera iwe, mwana wanga. Ukanadwala, ine ndikanatani?"

"Ndikanadwala ndili ndi mwana wanga, amayi."

Patapita nthawi anafika pamsewu wa tala. Pamphambano yolowera kumudzi kwawo, Mateyu sanakhote. Anaimika pambali pa msewu, injini osazimitsa, natambasula dzanja n'kuwatsegulira chitseko.

"Tsikani, amayi. Apa ndi pafupi, mufika kusanade."

"Nanga iwe?"

"Kuli katundu wa ku Tete. Anandiuza kale, ndinkakana chifukwa cha sukulu."

"Ubwera liti?"

"Nyumba ndili nayo," anatero Mateyu.

A Dyna anatsika chobwerera m'mbuyo, phazi likufufuza pansi. Chitseko chinatsekeka. Minibasi inalowa mumsewu kulunjika kuboda, utsi wakuda uli pambuyo. Apo m'pamene anaona. Kumbuyo kwa denga, mbali imene shoka linazuka, chokowera chinali lende. Mphepo inkalowa pansi pa chitsulocho n'kumachitukula, n'kuchisiya, n'kuchitukulanso, kansalu ka lona kakupupa pambali.

"Mateyu! Denga! Sunakowetse denga!"

Anathamanga masitepe angapo, chitenje chikumasuka, dzanja lili m'mwamba. Thiraki yonyamula makontena inadutsa ndi mkokomo wake wonse, mphepo yake n'kuwakankhira m'mbali mwa msewu. Fumbi litatsika, minibasi inali itafika kale pokwera, yaing'ono ngati bokosi la machesi, denga lake likutsegula ndi kutseka pakamwa.

Mayi wina wogulitsa manachesi otsiriza a chaka pamphambanopo anawafunsa ngati aiwala katundu m'galimotomo. A Dyna anaimabe pomwepo, khosi litasasa, akuitana dzina la mwana wawo.